Lamulo Lilipo, Nanga Bwanji Anthu Sakulitsatira? Mmene Chikhulupiriro ndi Diso la Anansi Zimayendetsera Nkhondo ya Miliri

Mbandakucha wa pa 20 Ogasiti 2014, anthu a ku West Point, dera lothithikana la m'mphepete mwa nyanja mumzinda wa Monrovia ku Liberia, anadzuka n'kupeza asilikali atatchinga njira zonse ndi waya waminga. Boma linali litalamula kuti pasapezeke wolowa kapena wotuluka, pofuna kuimitsa Ebola. Papepala nzeru yake inkamveka ndithu: kachilombo ka Ebola kamatha kubisala m'thupi mpaka masiku 21 munthu asanayambe kudwala, ndiye mukatsekera dera kwa masiku amenewo mwadula njira ya mliri. Koma tsiku lomwelo anthu anayamba kugenda, asilikali anawombera, ndipo mnyamata wa zaka 15, Shakie Kamara, anavulazidwa ndi chipolopolo m'miyendo n'kumwalira. Ofuna kutuluka ankatulukabe, ena popereka kangachepe kwa olondera. Patangotha masiku 10 mpandawo unachotsedwa, ndipo pambuyo pake Pulezidenti Ellen Johnson Sirleaf anavomereza kuti boma linalakwitsa.

Chimene chinathandiza m'deralo chinalibe mfuti. Dr Mosoka Fallah, katswiri wa miliri amene anakulirako, anakhala pansi ndi atsogoleri a deralo n'kupeza anthu odzipereka oti aziyenda khomo ndi khomo kufunsa ngati muli wodwala kapena maliro. Ofunsawo anali ana a komweko, odziwika mayina ndi makolo awo omwe. Mabanja amene ankabisira asilikali odwala anayamba kuwaulula kwa anansi awo.

Kachilombo kanali komweko, anthu anali omwewo, ndipo sayansi sinasinthe m'masabata amenewo. Chinasintha ndi munthu amene ankagogoda pakhomo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kutsatira malangizo a zaumoyo, chifukwa ambiri mwa malangizowa amatsatidwa kapena kuphwanyidwa kumene kulibe wapolisi. Palibe boma limene lingaike mlonda pa munthu aliyense woti aziona ngati wasamba m'manja, ngati wamaliza miyezi 6 ya mankhwala a TB, kapena ngati wanena zoona atafunsidwa anthu amene anakhudzana nawo. Pa Ebola, aliyense amene anakhudzana ndi wodwala amayenera kuyenderedwa tsiku ndi tsiku kwa masiku 21, koma mndandanda wa mayinawo umachokera pakamwa pa wodwalayo ndi abale ake. Akabisa dzina limodzi, dzina limenelo ndi limene limadzabereka odwala a mwezi wamawa.

Komanso sikokwanira kuti "ambiri" amvere. Pa katemera pali kasamu kakang'ono. Ngati wodwala mmodzi amapatsira anthu 4 pagulu limene palibe wotetezeka, pamafunika kuti atatu mwa anayiwo akhale otetezeka, ndiye kuti 75 pa 100 aliwonse, kuti matenda asiye kufala. Chikuku ndiye chilombo: mmodzi amatha kupatsira anthu 12 mpaka 18, n'chifukwa chake akatswiri amafuna kuti ana 95 pa 100 aliwonse alandire katemera kawiri. Mpata wa okana ndi wochepa choncho. Ndipo okanawo samwazikana mofanana m'dziko lonse. Amakhala mowirikiza, m'chipembedzo chimodzi, m'dera limodzi, pasukulu imodzi, chifukwa anthu amatengerana. Dziko litha kudzitama ndi 92 peresenti pomwe lili ndi timadera ta 50 peresenti, ndipo mliri umabukira m'timadera timeneto.

Diso la anzathu

Cristina Bicchieri wa pa yunivesite ya Pennsylvania, amene wakhala akufufuza malamulo osalembedwa a pakati pa anthu, amati khalidwe limasanduka lamulo lotere munthu akamalichita chifukwa cha zinthu ziwiri: akukhulupirira kuti anzake amachita zimenezo, ndiponso akukhulupirira kuti anzakewo akuyembekezera kuti nayenso achite, moti akalephera amunena kapena kumusala. Ziwirizi sizifanana. Munthu atha kudziwa kuti aliyense amayamikira kusamba m'manja pakamwa pokha, koma akuona ndi maso ake kuti palibe amene amasamba. Zikasemphana choncho, kawirikawiri zimene maso aona ndi zimene zimapambana.

Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi ntchito, poti mankhwala ake ndi osiyana. Amene sachita chinthu chifukwa sadziwa, mumamuphunzitsa. Koma amene amadziwa bwinobwino kuti masiki amateteza, n'kumaopa kukhala yekha wophimba kukamwa pakati pa anzake akuntchito, ngakhale mumupatse timapepala 20 sasintha. Vuto lake lili pankhope za anzake.

Kafukufuku wa Urs Fischbacher, Simon Gächter ndi Ernst Fehr wa mu 2001 anaonetsa mmene anthu amagawikira akauzidwa kusonkha ndalama mumphika umodzi wopindulira onse. Pafupifupi theka ankasonkha molingana ndi mmene ena asonkhera: ena akaika zambiri, nawonso zambiri, ena akaumira, nawonso n'kuumira. Pafupifupi 30 peresenti sankaika kanthu zivute zitani. Theka loyang'anira anzawolo ndilo limagamula tsogolo la lamulo lililonse la zaumoyo. Likaona kuti ena akudzimana, limadzimana nawo. Likayamba kukayikira kuti ndi lokha likuvutika pomwe ena akudyerera, limabwerera m'mbuyo msangamsanga, ndipo ndi chifukwa chake kumvera kumatha kugwa ngati chipupa m'sabata imodzi pomwe kunatenga miyezi kuti kumangike.

Apa ndi pamene olemba mauthenga a zaumoyo amadzibaya okha. Pofuna kuonetsa kukula kwa vuto amalengeza kuti "anthu ambiri akunyozera malangizo". Womva amatolapo chinthu chimodzi: kani ambiri sakutsatira? Robert Cialdini ndi anzake anayesa zimenezi kumalo osungirako zachilengedwe a Petrified Forest ku Arizona, kumene alendo ankaba timitengo tosanduka miyala. Pamene panali chikwangwani chodandaula kuti alendo ambiri akhala akutenga timitengoti, pafupifupi 8 pa 100 tinabedwa. Pamene chikwangwani chinangopempha kuti musatenge, tobedwa sitinafike ndi 2 pa 100. Chithunzi cha khamu la anthu ophwanya lamulo pa TV usiku uliwonse chimagwira ntchito ya chikwangwani choyambacho.

Palinso msampha wina: anthu amakonda kuganiza kuti okana ndi ambiri kuposa mmene alili, chifukwa wokana amafuula pomwe wovomera amangopita kuchipatala mwakachetechete n'kubwerako. Pa nthawi ya Covid-19, kafukufuku wochitika m'mayiko 23 anapeza kuti kungouza anthu chiwerengero choona cha anzawo ofuna katemera kunkachepetsa okayikira. Koma chida chimenechi chili ndi malire ake awiri. Nambala iyenera kukhala yoona, chifukwa mukagwidwa bodza kamodzi mwataya zonse. Ndipo iyenera kukhala ya anthu amene womverayo amadziyerekeza nawo. Dalaivala wa galimoto zamtunda wautali sasunthika pomva kuti madokotala 9 mwa 10 abayitsa. Amafuna kumva za madalaivala anzake. Ngati otsatira akadali ochepa, musatchule kuchuluka kwawo. Nenani mmene chiwerengero chikukwerera, bola chikukweradi.

Akunena ndani?

Chikhulupiriro pa nkhani za umoyo si chikondi. Munthu amafunsa mumtima ngati amene akumulangizayo akuidziwa ntchito yake, ngati amanena zoona ngakhale zowawa, ndiponso, funso lolemera kuposa onse, ngati akumufuniradi zabwino. Akuluakulu a zaumoyo amathera mphamvu zawo pa funso loyamba, kuonetsa madigiri ndi zotsatira za kafukufuku, pomwe anthu akakamira pa lomaliza.

Robert Blair, Benjamin Morse ndi Lily Tsai anafunsa anthu a ku Monrovia mliri wa Ebola uli mkati. Amene sankakhulupirira boma ankatsatira zochepa mwa njira zodzitetezera, monga kupewa misonkhano kapena kulola kuti maliro aikidwe ndi azaumoyo. Chodabwitsa n'chakuti anthu amenewa ankadziwa za kafalidwe ndi zizindikiro za Ebola mofanana ndi anzawo okhulupirira boma. Sunali umbuli. Ankamva bwino zimene akuuzidwa, koma sankakhulupirira owauzawo. Kum'mawa kwa DR Congo mu Sepitembala 2018, Patrick Vinck ndi anzake anafunsa anthu akuluakulu 961 ku Beni ndi Butembo: mmodzi mwa anayi aliwonse ankakhulupirira kuti Ebola kulibe, ndipo osakwana mmodzi mwa atatu ndi amene ankakhulupirira kuti akuluakulu a boma a m'dera lawo amawaimirira. Anthu a m'maderawa anakhala akuphedwa ndi zigawenga kwa zaka popanda wowateteza, kenako anangoona galimoto zatsopano ndi ndalama zikukhamukira matenda amodzi okha. Bungwe loyendetsa zisankho litalengeza mu Disembala chaka chomwecho kuti madera amenewa savota nawo pa chisankho cha pulezidenti chifukwa cha Ebola, mphekesera yoti matendawa ndi ndale inapeza umboni umene inkasowa. Zipatala za Ebola zinatenthedwa, ndipo mu Epulo 2019 dokotala wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, Richard Mouzoko, anaphedwa ku Butembo.

Mbiri imakhalitsa m'mitima kuposa mmene okonza makampeni amaganizira. Ku Tuskegee m'dziko la America, kuyambira 1932 mpaka 1972, madokotala a boma ankangoyang'anira amuna akuda 399 odwala chindoko osawachiza, ngakhale penisilini atapezeka. Marcella Alsan ndi Marianne Wanamaker anapeza kuti nkhaniyi itaululika amuna akuda anachepetsa kupita kuchipatala, moti zaka zimene mwamuna wa zaka 45 ankayembekezeka kukhala ndi moyo zinatsika ndi pafupifupi chaka chimodzi ndi theka. Ku Cameroon ndi mayiko oyandikana nawo amene ankalamulidwa ndi France, pakati pa 1921 ndi 1956 anthu mamiliyoni ankaunikidwa ndi kubayidwa mokakamizidwa pothana ndi matenda a kaodzera, ndi mankhwala amene ena ankawachititsa khungu. Sara Lowes ndi Eduardo Montero anapeza kuti madera amene makampeniwa anafikako kwambiri, lerolino ana ake amabayitsa katemera mochepa ndipo anthu ambiri amakana ngakhale kuyezedwa magazi kwaulere. Ambiri mwa okanawa anabadwa makampeniwo atatha kalekale. Zoonadi nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, kungoti pano zodya agogo n'zimene zikupota adzukulu.

Nkhani ya ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, imaonetsa kuphwanyika ndi kukonzeka komwe. Mu 2003 atsogoleri ena a ndale ndi achipembedzo anaimitsa katemera wa poliyo ponena kuti muli mankhwala oletsa kubereka. Zonenazo zinali zabodza, koma zinagwera panthaka yolimidwa kale: mu 1996, pa mliri wa matenda oumitsa khosi, kampani ya Pfizer inayesera mankhwala a Trovan pa kafukufuku wa ana pafupifupi 200 mumzinda womwewo, ana 11 anamwalira, ndipo mkangano wa ngati makolo anavomereza unafika mpaka kumakhoti. Anthu ankafunsanso funso lovuta kuyankha: bwanji madontho a poliyo amatipeza pakhomo kwaulere kangapo pachaka, pomwe mwana akadwala malungo kuchipatala kulibe mankhwala? Poliyo anabukanso n'kufalikira kumayiko pafupifupi 20. Katemera anayambiranso ku Kano mu Julayi 2004, akuluakulu a boma la Kano ataloledwa kuyeza okha katemerayo n'kuvomereza wochokera ku Indonesia, dziko la Asilamu ambiri. Zaka zotsatira, mafumu ndi atsogoleri achipembedzo anapatsidwa mbali yeniyeni pa ntchitoyi, anthu amene anapuwala ndi poliyo ankayenda nawo m'makomo, ndipo misasa ya katemera inayamba kuperekanso chithandizo cha matenda ena. Pa 25 Ogasiti 2020 WHO inalengeza kuti chigawo cha Africa chathana ndi poliyo wachilengedwe. Kukonzako kunatenga zaka 16.

Choononga china sichichokera n'kwa azaumoyo komwe. Mu 2011 bungwe la ukazitape la CIA linagwiritsa ntchito kampeni yabodza ya katemera wa hepatitis B ku Abbottabad m'dziko la Pakistan pofunafuna Osama bin Laden, mtsogoleri wa zigawenga za al-Qaeda. Zitadziwika, zigawenga zinayamba kupha obaya katemera wa poliyo, ambiri a iwo amayi.

Tisapite nazo patali, komabe: chikhulupiriro pachokha si katemera. Chimangonyamula uthenga wa amene wakhulupiriridwayo, wabwino kapena woipa. Ku Brazil mu Malichi 2020 Pulezidenti Jair Bolsonaro atanena kuti Covid-19 ndi kachimfine chabe, ofufuza anapeza kuti anthu a m'madera omukonda anayamba kuyendayenda kwambiri kuposa a m'madera ena. Kafukufuku wamkulu wa mu 2022, wotsogoleredwa ndi Thomas Bollyky, anayerekeza mayiko 177 n'kupeza kuti kumene anthu amakhulupirira boma ndiponso kukhulupirirana okhaokha, otenga Covid-19 anali ochepa, pomwe miyeso yodziwika ya kukonzekera miliri sinalosere bwino chilichonse. N'zofunika kuzimva, koma kafukufuku wotere amangoonetsa kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi. Satsimikiza kuti china chinabala chinzake.

Maliro: pamene lamulo limakumana ndi mwambo

Palibe malo amene zonsezi zimaoneka bwino kuposa pamaliro a Ebola. Mtembo wa munthu wofa ndi Ebola umapatsira kwambiri, ndipo WHO inkati osachepera mmodzi mwa odwala atsopano asanu aliwonse ankatengera matendawa pamaliro. Poyamba magulu oika maliro ankafika atavala kale zovala zobisa nkhope, n'kupopera mankhwala, kuika thupi m'thumba lakuda n'kunyamuka. Abale sankadziwa kumene wokondedwa wawo waikidwa. Ku Monrovia boma linalamula mu Ogasiti 2014 kuti mitembo izitenthedwa, chinthu chachilendo kotheratu kwa anthu akumeneko. Zotsatira zake, mabanja anayamba kuika maliro usiku mobisa, ndiye kuti mwa njira yoopsa kuposa zonse, ndipo odwala ankakana kupita kuchipatala poopa kutenthedwa.

Chakumapeto kwa 2014 WHO, mogwirizana ndi a Red Cross ndi mabungwe achipembedzo, inatulutsa ndondomeko ya kuika maliro motetezeka komanso mwaulemu. Taonani mmene inasanjidwira. Gulu limakhala ndi onyamula thupi 4, wopopera mankhwala mmodzi, woyang'anira, wolankhula ndi banja, ndi woimira chipembedzo. Onse amafika asanavale zodzitetezera, kuti nkhope zawo zioneke. Amapereka moni, kupepesa maliro, n'kukambirana ndi banja: ndani aonerere, bokosi likhalepo kapena ayi, manda akumbidwe pati, ndi katundu uti wa malemu atsagane naye. Palibe chimayambika banja lisanavomere. Kenako amavala abale akuona. Madzi a klorini amakhala a mphamvu ziwiri, 0.5 peresenti wopopera zinthu ndi 0.05 peresenti wosambira m'manja, ndipo kuwasokoneza n'koopsa: wamphamvuyo amawotcha khungu, wofookayo sakwanira pa zinthu zodetsedwa ndi magazi. M'malo mosambitsa thupi, Asilamu amaloledwa mwambo woyeretsa wopanda madzi ndi kukulunga thupi m'nsalu yoyera. Akhristu amapemphera ndi kuwaza madzi odalitsidwa osakhudza thupi. Abale atha kunyamula nawo bokosi atavala magolovesi, n'kuponya dothi loyamba m'manda.

Chimene sichinasinthe ndi chimodzi chokha: dzanja lopanda chotetezera lisakhudze mtembo. Zina zonse zinali zoti n'kukambirana. Luso lalikulu pa ntchito ya zaumoyo ndi kudziwa kachigawo kakang'ono kamene sikangasinthike, n'kumasula manja pa zotsalazo.

Pamene vuto si chikhulupiriro

Kawirikawiri munthu amene walembedwa kuti "wokana" amakhala woti sangakwanitse. Mu Febuluwale 2020 Moran Bodas ndi Kobi Peleg anafunsa anthu ku Israel ngati angalole kubindikira kunyumba. Atauzidwa kuti malipiro amene angataye abwezedwa, 94 peresenti anavomera. Popanda kubwezeredwa, ovomera anatsika kufika pa 57 peresenti. Munthu wodya zimene wapeza tsiku lomwelo mukamuuza kuti akhale m'nyumba masiku 14 osamupatsa chakudya ndi madzi, mwamusankhitsa pakati pa matenda amene mwina alibe ndi njala imene ali nayo ndithu. Adzatuluka, ndipo choipa kwambiri, ulendo wina sadzayezetsa n'komwe.

Ngakhale timinga ting'onoting'ono timabweza anthu. Gretchen Chapman anayesa pa ogwira ntchito pa yunivesite ya Rutgers: ena anatumiziridwa uthenga woti asungitse okha tsiku la katemera wa chimfine, ena anauzidwa kuti tsiku ndi nthawi zakonzedwa kale, atha kusintha akafuna. Gulu loyamba anabayitsa 33 peresenti, lachiwiri 45 peresenti. Palibe maganizo a munthu amene anasinthidwa pamenepa.

Nanga chindapusa ndi ndende? Zimagwira ntchito pamene ambiri avomereza kale ndipo wophwanya amaonekera poyera. Ireland italetsa kusuta fodya m'malo antchito ndi m'mabala pa 29 Malichi 2004, lamulo linatsatidwa pafupifupi paliponse, makamaka chifukwa linapatsa osasuta mphamvu yodzudzula. Italy itakakamiza akatemera 10 a ana mu 2017, chiwerengero cha obayitsa chinakwera. Koma ku England lamulo lokakamiza katemera wa nthomba la 1853, limene linkagwera kwambiri osauka olephera kulipira chindapusa, linabala chionetsero cha anthu zikwizikwi ku Leicester mu 1885, mpaka mu 1898 boma linalola makolo kukana mwalamulo. Ku Rio de Janeiro mu Novembala 1904 lamulo longa lomwelo linabutsa zipolowe za pafupifupi sabata yathunthu. Ndipo kukakamiza sikuthandiza konse pa zinthu zodalira kuti munthu aulule yekha. Mukaika chilango pa kudwala, mwalipira anthu kuti abise.

Lamulo limafanso likaoneka kuti lili ndi eni ake. Mu Meyi 2020 zitamveka kuti Dominic Cummings, mlangizi wamkulu wa nduna yaikulu ya Britain, anayenda kuchoka ku London kupita ku Durham pomwe ena onse anauzidwa kukhala pakhomo, ndipo sanachotsedwe ntchito, ofufuza a University College London anaona chikhulupiriro cha anthu a ku England pa boma lawo chikutsika mwadzidzidzi, pomwe cha anthu a ku Scotland ndi Wales pa maboma awo sichinagwe motero. Theka lija loyang'anira anzawo linaona zonse.

Zoyenera kuchita, ndi pamene zimalakwikira

Musanalembe uthenga uliwonse, fufuzani kaye chimene chikutsekereza. Mafunso anayi okha, ofunsidwa kwa anthu a gulu limene mukulifuna, amaulula zambiri: inuyo mumachita chiyani, mukuganiza kuti choyenera n'chiyani, mwa anzanu 10, ndi angati amene amachita, ndipo anzanuwo angati chiyani atakuonani mukuchita kapena musakuchita. Onjezani lachisanu: mutafuna kuchita lero, chingakulepheretseni n'chiyani? Ngati ambiri akuti n'choyenera koma akuganiza kuti anzawo sagwirizana nacho, ntchito yanu ndi kuwakumanitsa kuti amvane pagulu. Ngati yankho lachisanu ndi mtunda, mzere wautali kapena malipiro a tsikulo, sungani ndalama za zikwangwani mugulire mafuta a galimoto yopita kwa anthuwo. Ofunsa asakhale ovala yunifolomu, chifukwa anthu amayankha zokondweretsa mwini yunifolomu.

Wonyamula uthenga musamusankhire muofesi. Funsani anthu kuti mwana akadwala usiku amathamangira kwa yani, ndipo mayina amene akubwerezedwa ndi amenewo. Nthawi zambiri si amene ali ndi udindo waukulu. Pali ngozi ina pano: mukamulipira munthu wotere kuti azingobwereza mawu anu, anthu amazindikira msanga ndipo mwamuonongera mbiri imene munamufunira. Ayenera kukhala ndi ufulu wobweza madandaulo kwa inu, ndipo anthu aone kuti madandaulowo asintha kanthu.

Nenani zimene simukuzidziwa nthawi isanakukakamizeni. Kumayambiriro kwa 2020 mabungwe akuluakulu ankauza anthu wamba kuti masiki sakufunika. Bungwe lolimbana ndi matenda la ku America la CDC linasintha pa 3 Epulo, WHO pa 5 Juni. Kusintha malangizo umboni ukasintha si tchimo. Cholakwika chinali kulankhula poyamba ngati nkhani yatha, osanena poyera kuti umboni unali wochepa. Michael Bang Petersen ndi anzake a pa yunivesite ya Aarhus anayesa mauthenga a katemera ku Denmark ndi ku America: kuulula zovuta za katemera kunkachepetsa pang'ono ofuna kubayitsa, koma kunkakweza chikhulupiriro pa azaumoyo. Uthenga wongotonthoza mosatchula kanthu sunakope anthu, ndipo unkawonjezera kukhulupirira mphekesera za chiwembu.

Ngozi ikachitika, liwiro ndi chilungamo n'zimene zimapulumutsa. Ku Samoa mu Julayi 2018 makanda awiri anamwalira atangobayidwa katemera wa chikuku. Katemerayo analibe vuto. Anamwino anamusungunula ndi mankhwala ofooketsa minofu otha ntchito m'malo mwa madzi ake. Koma ntchito ya katemerayu inaimitsidwa kwa miyezi yambiri, makolo anakhala ndi mantha opanda wowamasulira, ndipo otsutsa katemera anadzaza mpatawo. Obayitsa anatsika kufika pa 31 peresenti. Chikuku chitafika mu 2019, m'dziko la anthu pafupifupi 200,000 anadwala oposa 5,700 ndipo 83 anamwalira, ambiri ana osakwana zaka 5. Pa 5 ndi 6 Disembala boma linatseka maofesi, mabanja osabayitsa n'kumapachika nsalu yofiira pakhomo kuti magulu a katemera aime. N'chifukwa chake kufufuza kwa vuto lalikulu lotsatira katemera kumayenera kuyamba mkati mwa maola 24 mpaka 48, banja liuzidwe zotsatira lisanazimve pa wailesi, ndipo anthu auzidwe chimene chinalakwika ndi chimene chakonzedwa.

Mphekesera nazo muzizilemba m'kaundula: yamveka kuti, ikunenedwa ndi gulu liti, ikuti chiyani kwenikweni, ndipo ndani wapatsidwa udindo woiyankha. Cholinga si kuitsutsa pa wailesi, poti kuibwereza kumangoifalitsa. Cholinga ndi kupeza nkhawa imene ili pansi pake. Kum'mawa kwa DR Congo, odzipereka a Red Cross ankalemba zimene anthu akunena khomo ndi khomo, ndipo dandaulo lina linkabwerabwera: kuti m'matumba a mitembo muli miyala kapena dothi, kapena kuti ziwalo za malemu zachotsedwa n'kugulitsidwa. Kulengeza kuti limenelo ndi bodza sikukanathandiza munthu amene sanaone nkhope ya mayi ake. A Red Cross anaitanitsa matumba oonekera mkati, kuti abale aziona okha amene akumuika m'manda.